Duwa la a Zuze

A Zuze tinawaika mvula yoyamba itangogwa, dothi lili lolemera, lomata kumakasu. Anthu tinali ochepa, oti mphasa ziwiri zinatikwana. Onyamula maliro tonse tinali makhukhi, anthu amene anatiphunzitsa iwowo ndi manja awo. Wachibale panalibe ndi mmodzi yemwe. Uthenga tinautumiza kwa Tengani, kumene kuli mdzukulu wawo, koma kunangoti zii.

Pobwerera kumanda, Fole, mnzanga amene amaphikira mzungu wa pasiteshoni, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Basitu Jonasi, duwa lija lapita."

Mukadzaona keke yaukwati kapena ya Khirisimasi yopangidwa ndi khukhi wa kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Nsanje mpaka kwa Katunga, simudzavutika kuizindikira. Ndi yoyera mbee, yosalala, mizere yake yowongoka, m'mphepete muli tinkhono ta shuga tondondozana bwinobwino. Koma duwa simudzalipezapo, ndipo dzina la munthu sitilembapo. Madona, akazi a azungu aja, amadandaula, ati makhukhi a kuno ndife aulesi. Aulesi ife? Kupukusa mazira m'chitungu cha Okutobala mpaka mkono kuchita dzanzi, umenewo ndiwo ulesi? Nkhani ndi yakuti amene anatiphunzitsa analeka kuphunzitsa duwa, ndipo chimene analekera ndinachiona ndi maso angawa.

Anali munthu wamfupi, phewa limodzi lotsika chifukwa chowerama m'kakhitchini ka sitima ya pamadzi. Unyamata wawo wonse unathera m'sitimazo, zija zinkanyamula azungu ndi katundu kuchokera ku Chinde, kukwera ndi Zambezi mpaka muno mu Shire. Luso la keke analitola kwa Mmwenye wina wa ku Goa amene anali khukhi wamkulu m'sitimamo. Iwo anali Msena, koma anakwatira Mmang'anja wa kwa Tengani, n'kuberekako mwana mmodzi yekha, Malita. Kwa Asena mwana ndi wa bambo. Kwa Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu ali ndi malume. Mkazi wawo atamwalira iwo ali kumadzi, mwana anamulera malume ake, a Chakanza. A Zuze akafika kumudziko ndi nsalu ndi mchere, Malita ankalandira atagwada, maso pansi, n'kuwathokoza monga athokozera mlendo. Ankawatchula kuti a kusitima. Chimene madalawa ankachifuna pa moyo wawo wonse chinali chimodzi basi: kuti mwana wawoyo awatchule kuti bambo.

Njanji itapitirira kumunsi, sitima za pamadzi n'kuyamba kusowa, anatsikira pamtunda. Azungu a njanji ndi a thonje anali akuchuluka, aliyense akufuna khukhi, ndiye dona wina anawapatsa chisakasa kuseri kwa nyumba ya alendo kuti aziphunzitsiramo anthu ongoyamba kumene. Ine ndinalowa ndili wamkulu kale, wa ana, nditatopa ndi kupalasa ngalawa.

Tsiku loyamba ndinapita ndi njala dala, poganiza kuti tikadya keke. Aa! Shuga sitinamuone n'komwe. Pathebulo panali chimtanda cha dothi louma, choumbidwa ngati keke. Pambali pake panali mbale ya dothi loyera la m'mbali mwa mtsinje, losefedwa pansalu, losakanizidwa ndi madzi mpaka kulimba ngati phala. Ankati shuga ndi wa munthu amene manja ake analeka kunjenjemera. Wophunzira ayambe waononga dothi, poti Shire amabweretsa lina chaka ndi chaka.

Tisanagwire kanthu ankatiimika pamzere n'kutiyang'ana zikhadabo. Kusamba m'manja kwake kunali kwa phulusa ndi ndimu, mpaka m'zigongono. Fole ankakonda fodya wa m'mphuno. Tsiku lina anayetsemulira pa keke yadothi ija, a Zuze n'kumupirikitsa ndi chipande mpaka kunjanji, akukuwa m'Chisena. Akapsa mtima Chimang'anja chinkawathawa. Liwu lawo lalikulu linali "Nkhabe!", ndiye kuti iyayi, ndipo tinkalimva kuyambira polowa mpaka potuluka.

Phunziro loyamba linali kusalaza: kuviika mpeni m'madzi otentha, kuupukuta, n'kuuyendetsa kamodzi kokha pamwamba osabwereza. Kenako kunabwera kathumba, ka nsalu yolimba, kokhala ndi kamlomo kodulidwa ku chitini cha mkaka. Ankati dzanja lamanja lizifinya, lamanzere lizingolondolera, ndipo pojambula mzere munthu asapume. Ine manja anga anazolowera nkhafi. Nditafinya, kathumba kanaphulikira kumbuyo, dothi lonse phwaa kumaso kwanga. Ataona tinkhono tanga toyamba anaitana onse kuti adzaone pamene padutsa nkhuku yotsegula m'mimba. Anzanga anaseka mpaka misozi. Ine ndinakwiya zedi, ndinalumbira kuti ndibwerera kumadzi. Koma mmawa mwake anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kuyenda nalo pang'onopang'ono kuzungulira chimtanda chija. Titafika pomwe tinayambira anangoti ndichitenso ndekha.

Ndisawakometsere chifukwa afa; anali munthu wovuta. Mmwenye wa sitolo anakangana nawo mpaka kusiya kupatsana moni chifukwa cha shuga wonyowa. Panali mnzathu wina wochokera kwa Katunga, wamanzere, amene mizere yake inkaposa ya tonsefe. A Zuze anaumirira kuti keke sagwira ndi manzere, mpaka anam'manga dzanjalo ndi luzi kumbuyo. Munthuyo anamasula luzi, n'kuliika pathebulo mwaulemu, n'kutuluka, osabweranso. Pamenepo analakwa, ndipo ndinawauza pamaso. Anandikwiyira mpaka mwezi kutha. Keke iwo sankadya; ankati fungo lake linawakola kalekale m'sitima. Chakudya chawo chinali mlamba wouma ndi mbatata.

M'zaka zomalizirazi, maso atayamba kuchita khungu, Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankapita kukakhala padoko. Ngalawa iliyonse yochokera kumtunda ankaifunsa ngati yadzera kwa Tengani, ndiponso ngati kamtsikana ka kwa a Chakanza kali bwino, kakula bwanji, kakufanana ndi yani. Opalasa ena ankawayankha mwachisoni, ena ankangoyang'ana kumbali. Kamtsikanako ndi mdzukulu uja, ndipo a Zuze afa asanamuonepo.

Koma ndibwerere m'mbuyo, chaka chimene ndinalowa m'chisakasa.

Uthenga unabwera kuti Malita akukwatiwa, ukwati wa kutchalitchi. Sanawafunse maganizo, anangowadziwitsa monga adziwitsira mnansi. Madzulo ake a Zuze anatiuza kuti mwana wawo adzakhala ndi keke yoposa ya mwana wa mzungu aliyense amene anamuphikirapo. Kumudziko analibe munda, analibe mbuzi, analibe mawu pa bwalo. Anali ndi manja awowo basi.

Dona uja anawapatsa ufa wa tirigu ndi shuga, ife ophunzira tinasonkha mazira. Kameneko kanali koyamba kuti tigwire shuga weniweni. Tinamusinja mumtondo, n'kumusefa pansalu mpaka kusalala kuposa ufa woyera. Miyendo ya thebulo tinaiika m'zitini za madzi kuopa nyerere. Keke inali ya nsanjika zitatu, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Poti a Zuze sankadziwa kulemba, anapempha kalaliki wa pasiteshoni kuti awajambulire dzina la Malita ndi khala pathabwa, ndipo analibwereza ndi dothi mpaka dzanja litaliloweza.

Maluwa ankapanga m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Ankatenga msomali wa mutu waukulu, n'kumaupotokola ndi zala za kumanzere uku akufinya kathumba, tsamba limodzi, lina pambali pake, lina pamwamba, mpaka duwa lija kutseguka inu mukuona. Abale inu, ndaona zinthu pamtsinje uno, koma chokongola chotere sindinachione. Ndinawapempha kuti andiphunzitse. Anaseka, chinthu chosowa kwa iwo, n'kunena kuti tikabwerako ku ukwati tiyamba duwa tonse. Maluwawo anawayala mozungulira pamwamba ngati nkhata, pakati n'kuimikapo kamtanda ka shuga poti ukwati unali wachikhristu. Dzina analilemba kutsogolo, pa nsanjika yapakati.

Tinaiika m'bokosi, n'kufunda ndi masaka onyowa, ine n'kupalasa ngalawa kukwera mtsinje. Njira yonse a Zuze anakumbatira bokosilo, akundikalipira pa kafunde kalikonse.

Titafika, mapemphero anali atatha, anthu atasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. Mkwati ndi mkwatibwi anakhala pamphasa, Malita atawerama monga mwa mwambo, osayankhula, osayang'ana munthu. A Zuze anavala malaya awo oyera a m'sitima. Tinaika bokosi pa mtondo wozondotsa, ine n'kuchotsa matabwa a m'mbali. Keke inawala padzuwa kuti mbee. Ndinkayembekezera nthungululu, koma ng'oma zinaleka.

Pali chinthu chimene tonsefe, makhukhi ozolowera nyumba za azungu, sitinachiganizire. Anthu a kumudziko keke anali asanaionepo. Koma chinthu choyera, chansanjika, cha nkhata ya maluwa ndi mtanda pamwamba anali atachiona ndithu. Aliyense wopita kuboma amadutsa pa manda a azungu, aja amawaka ndi njerwa mosanjikiza, akaidi n'kumawapaka laimu chaka chilichonse.

Anayamba ndi azakhali a mkwati, mayi wachikulire amene ankagulitsa nkhuni kuboma. Anagwira kumutu n'kukuwa kuti, "Mayo ine! Manda! Atibweretsera manda pa ukwati!"

Amayi anadzuka n'kukokera ana kumbuyo. Wina analoza zolembedwa zija n'kufunsa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni kuti akuti chiyani pamenepo. Mphunzitsiyo anazengereza, koma anthu anamuumiriza. Anawerenga motsitsa mawu kuti, "Palembedwa kuti Malita."

Kulira kunabuka ngati pamaliro penipeni. A Chakanza anaimirira mwaukali. "Alamu," anatero, "mwanayu munamusiya ali kumsana, ife tavutika naye mpaka wakula. Lero mwabwera kudzamuwakira manda ali moyo? Takulakwirani chiyani?"

"Ndi chakudya ichi, alamu," a Zuze anayankha, mawu akuwathawa. "Ndi shuga ndi mazira. Azungu onse amadya chimenechi pa ukwati."

"N'chifukwa chake akungofa kubomako!" anakuwa munthu wina kumbuyo.

Ine ndinayesa kufotokoza, koma ndani akanamvera wopalasa ngalawa wachilendo? A Zuze anangoima, manja ali lende, thukuta likuyenderera m'malaya oyera aja. Ndinawamvera chisoni chimene sindinachiiwale mpaka lero.

Pamenepo Malita anachita chimene mkwatibwi sachita. Anadzuka pamphasa yekha, popanda womudzutsa. Ankhoswe anayesa kumugwira nsalu, iye n'kupitirira. Anafika pa keke paja, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana bambo ake. Anatambasula dzanja, n'kuthothola duwa limodzi pa nkhata ija, n'kuliika m'kamwa. Tonse tinamva likuphwanyika m'mano. Atameza anagwada, n'kuomba m'manja, n'kunena m'Chisena, chinenero cha bambo akecho, kuti, "Takhuta, pai." Ndiko kuti zikomo, bambo.

A Chakanza anamukoka dzanja n'kumubwezera pamphasa. Ife anatiuza kuti tinyamule chinthu chathucho tichoke nacho dzuwa lisanapendeke, ndipo chisagone pamtunda.

Mungaganize kuti a Zuze anabwerera akulira. Ayi ndithu. Pakati pa mtsinje anatsegula bokosi, n'kumaponya keke m'madzi nsanjika imodziimodzi, uku akuimba kanyimbo ka m'sitima. Ntchito ya masabata onse aja, mazira athu aja, zonse kwa nsomba! Ine mtima unkandipweteka, koma iwo ankangondigwedeza phewa mpaka ngalawa kupendama. "Wamva, Jonasi? Wamva mmene wanenera? Wati pai!" Anandifunsa zimenezo mpaka tinafika ku Nsanje. Sindinawaonepo atakondwa chotero, kale kapena pambuyo pake.

Duwa sitinaliyambe msanga, chifukwa Khirisimasi inayandikira, ntchito n'kuchuluka, kenako madzi anasefukira n'kugwetsa chisakasa, tinachita kumanganso. Iwo ankangoti tisathamange, duwa silithawa. Chaka chisanathe chichitikire ukwati uja, Malita anamwalira pobereka. Mwana anapulumuka, wamkazi, ndipo anamutcha Masiye.

Ndinawapalasanso ine kupita kumaliro. Padoko la kwa Tengani tinapeza amuna atatidikirira. Sanatimenye, sanatukwane. Anangoti a Chakanza anena kuti amene anawaka manda aja asaponde pamudzi, ntchito yake anaimaliza kale. A Zuze anakhala m'ngalawa, tikumva kulira chapatali, mpaka anthu anabwerako kumanda. Ndiye anandiuza kuti tizipita.

Amayi ambiri amafa pobereka kuno, ngakhale amene sanalawepo shuga chibadwire. Ndinawauza zimenezo, abusa anawauza, Fole anawauza. Ankavomera ndi mutu. Koma patapita masiku, tili awiri tikusefa dothi, anandifunsa mwakachetechete kuti, "Jonasi, mazira aja anali abwino onse, eti? Panalibe lovunda?" Ndinati anali abwino. Anafunsanso za ndimu, za chitini chimene tinadulako kamlomo. Kenako anati mwina dzina lija sakanalemba. Funso la mazirali anandifunsa chaka ndi chaka, ndipo ndi limene anandifunsa komaliza ali gone pamphasa, kutatsala tsiku limodzi kuti atisiye.

Kuphunzitsa sanaleke. Magulu a ophunzira anabwera n'kupita, onse anamva "Nkhabe!", onse anatukwanidwa za nkhuku yotsegula m'mimba. Koma akafika pa tinkhono, maphunziro ankathera pomwepo. Wophunzira akafunsa za duwa, ankamuuza kuti akasambe m'manja azipita. Dona wina anawaopseza kuti awachotsa ntchito akapanda kumuikira maluwa pa keke ya mwana wake. Anavula epuloni n'kumupatsa, n'kuchoka, mpaka donayo anachita kuwatumizira munthu kuti abwerere. Msomali uja sitinauonenso.

Sabata yatha, maliro atapita kale, ndinali m'chisakasa kuchotsa ziwiya zoti zibwerere kwa eni nyumba ya alendo. Ndinamva "Odi" wa mawu aang'ono. Pakhomo panaima mtsikana wongosinkhuka kumene, mapazi ali fumbi lokhalokha, atanyamula kamtolo kumutu. Sindinafunse dzina. Nkhope inali ya Malita, koma kaimidwe, phewa limodzi lotsika pang'ono, ndinakadziwa.

Anagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndine Masiye wa kwa Tengani. Akuti agogo anga ankakhala kuno."

Anati uthenga wa maliro unafika, koma a Chakanza anauza anthu kuti asamuuze. Anachita kumva kwa opalasa ngalawa. Anabwera ndi amayi ena odzagulitsa mapira, osatsanzika kunyumba. Ndinamuonetsa pamene agogo ake ankakhala, chipande chawo, kathumba kawo. Ndinamuuza kuti Lamulungu lililonse ankafunsa za iye padoko. Anamvetsera osalira. Kenako anati, "Kwathu amati amayi anadya duwa la manda. Chikhalire ndimangolimva. Ndimafuna ndilione mmene linalili."

Kalanga ine! Ndinasefa dothi, ndinalisakaniza, ndinazula msomali pa mtengo wa denga. Ndakhala khukhi zaka zonsezi, keke zanga zadyedwa ndi akuluakulu a boma. Ndinapotokola msomali monga ndinawaonera m'mawa uja, ndikufinya, tsamba limodzi, lina pambali pake. Zinangogwerana n'kukhala chibulumwa. Ndinapukuta, n'kuyesanso, n'kuyesanso, koma osatheka. Mwanayo anayang'anitsitsa chimene chinali pamsomali.

"Linali lotere?" anafunsa.

"Iyayi, mwanangu," ndinatero. "Silinali lotere ngakhale pang'ono."

"Nanga ndani angandipangire?"

Ndinamuuza zoona, kuti palibe. Anathokoza, n'kusenza kamtolo kake, poti anzake a mapira anali akumudikira panjira.

Chisakasacho chikadalipo, koma akuti achigwetsa mvula ikatha. Thebulo eni ake anatenga, pansi pangotsala zitini zinayi za dzimbiri mmene munkaima miyendo yake, ndipo nyerere zikudutsa pakati pake mmene zifunira. Kathumba kali pamsomali pomwe anakapachika, dothi linaumiramo gwaa. Chimtanda chija ndinachisiya pakona, pamene denga likudontha. Dzulo ndinasuzumiramo popita kumsika: tinkhono ta gulu lomaliza tasungunuka mbali imodzi, ndipo pamwamba pake, pamene sipanaikidwepo kanthu zaka zonsezi, madontho akumba kadzenje.